Kodi Nzeru ya Msungichuma ndi ya Yani?

Abale, pali funso limene liyenera kufunsidwa m'mabungwe athu osunga ndi kubwereketsa ndalama, aja atchedwa SACCO, ndi m'timagulu ta banki mkhonde timene tafala m'midzi yozinga mpingo uno. Koma lifunsidwa kamodzikamodzi, ndipo nthawi zambiri lifunsidwa mochedwa, maliro atachitika kale kapena munthu atasamukira kutali. Funsolo ndi ili: munthu akagwira ntchito ya usungichuma zaka khumi, nadziwa njira zonse za buku ndi za ndalama, nadziwanso mitima ya okongola, nzeru imeneyo ndi ya yani? Kodi ndi yake, monga khasu limene anagula ndi thukuta lake, loti akhoza kubwereka mnzake kapena kum'mana monga afuna? Kapena ili ngati ndalama za m'bokosi, zimene azisunga m'nyumba mwake koma si zake?

Ambiri adzayankha msanga kuti nzeru ndi ya mwini mutu. Ndipo sayankha mopusa iai, pakuti ndi momwe tinaonera kuyambira kale. Wosula makasu sanali kuitana mudzi wonse kudzaona m'mene asungunulira chitsulo m'ng'anjo. Sing'anga popita kukakumba mizu anali kupita yekha, ndipo dzina la mtengo anali kuliulula kwa mwana mmodzi wa mlongo wake, ndiponso atakalamba. Nzeru inali munda wa banja, ndipo munthu anali kudya nayo. Sindinyoza makolo pa ichi, angakhale tidziwa kuti mankhwala ambiri analowa m'manda pamodzi ndi eni ake.

Koma wosula uja anaphunzira pa chitsulo chake ndi makala ake, ndipo khasu likasweka wotaya anali iye mwini. Msungichuma sanatero. Iye anaphunzira pa ndalama za anthu ena. Chaka chija anabwereketsa kopambana mu Okutobala, bokosi nilikhala lopanda kanthu pa nthawi ya feteleza, amene anakolola mochepa ndi mamembala. Iye anatolapo nzeru, iwo anatolapo njala. Pamene anatumidwa ku maphunziro ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, nagona pabwino, nalandira alawansi ndi setifiketi, anapita m'dzina la gulu. Ndipo akadapanda kusankhidwa ndi manja a amayi aja osadziwa kulemba, sakadaitanidwa konse. Tsono nzeru yogulidwa ndi zotayika za anthu ena, yolandiridwa m'dzina la anthu ena, idzakhala bwanji ya munthu mmodzi? Ine nditi ili chosungitsa, monga mbuzi ya mnzako imene uiweta m'khola lako. Mwini angakupatseko kamwana kamodzi kokuthokoza, koma mbuziyo ikhalabe yake, ndipo tsiku loifuna uyenera kuitulutsa pamodzi ndi ana ake.

Taonani bokosi la banki mkhonde. Njira imeneyi inayambira m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, pakati pa amayi a kumidzi, ndi thandizo la bungwe la CARE. Ndipo amene anailinganiza anadziwa mtima wa munthu. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, ndipo wosunga bokosi ndi wachinayi, wopanda kiyi. Silitsegulidwa koma pamaso pa onse. Owerenga ndalama ndi awiri, ndipo atchula mokweza chimene apeza, kuti onse akachisunge kumutu kufikira msonkhano wina. Ichi si chatsopano. M'masiku a mfumu Yoasi, wansembe Yehoyada anaboola chivundikiro cha bokosi la zopereka za kukonzera Kachisi, ndipo likadzala anabwera awiri kudzawerenga, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe. Mtumwi Paulo nayenso sanafune kunyamula yekha chopereka cha abale a ku Yerusalemu, koma anavomera kuti mipingo isankhe anthu oyenda nacho pamodzi, kuti pasakhale wom'nenera kanthu.

Komatu pamene tagawa makiyi a chitsulo kwa atatu, kiyi wina tam'siya kwa mmodzi, ndipo sitizindikira. Bokosi lili ndi maloko atatu, koma buku lili ndi wowerenga mmodzi. M'SACCO yaikulu chimodzimodzi: ndalama zili ku banki, ndipo sizituluka popanda anthu awiri kapena atatu kusaina, koma ngati awiriwo asaina pepala limene sadziwa tanthauzo lake, ndiye kuti wasaina ndi mmodzi yekha, enawo angom'bwereka manja. Ambuye athu anadzudzula odziwa chilamulo a masiku ao pa mlandu wa kulanda chifungulo, ndipo chifungulocho sichinali cha chitsulo, chinali cha kudziwa. Iwo sanathyole nyumba ya munthu. Anangosunga okha chimene chinapatsidwa kuti anthu onse alowere nacho.

Nanga msungichuma adziwa chiyani chimene anzake sadziwa? Tiyerekeze. Mayi akongola K100,000, yoti abweze m'miyezi 4, K25,000 mwezi uliwonse, ndipo chiwongoladzanja ndi K5 pa K100 iliyonse pamwezi. Pali njira ziwiri za kuwerengera. Ina iwerengera pa ndalama yonse yoyamba ija mwezi ndi mwezi, ngati kuti sanabwezeko kanthu: K5,000 kanayi, ndiyo K20,000. Ina iwerengera pa yotsala yokha: mwezi woyamba K5,000, wachiwiri K3,750, wachitatu K2,500, wachinayi K1,250, pamodzi K12,500. Kusiyana kwake ndi K7,500, ndipo pakamwa zonse ziwiri zitchulidwa mofanana, kuti K5 pa K100. Palibe njira mwa ziwirizi imene ili yakuba, ngati gulu linaisankha likudziwa. Pakuti chiwongoladzanja chibwerera kwa eni ake omwewo pa tsiku logawana. Koma funsani mamembala khumi pabwalo kuti gulu lao litsata njira iti. Ngati asanu ndi atatu ayang'ana pansi, dziwani kuti manja amene anaimika pa tsiku lokhazikitsa lamulolo sanali kusankha, anali kungotsata.

Adziwanso nyengo, ndipo nzeru iyi siilembedwa m'buku lililonse. Adziwa kuti mu Novembala ndi Disembala onse adzafuna ndalama tsiku limodzi, chifukwa cha mbewu ndi feteleza. Kuti mu Januwale adzabwera a fizi ya sukulu, ndi kuti mu Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, obweza adzachepa ndipo otapa adzachuluka. Kuti ndalama zidzayambanso kulowa misika ya fodya itatsegulidwa cha mu Epulo ndi chimanga chitauma. Adziwa kuti uje abweza mochedwa koma abweza ndithu, ndi kuti uje wina abweza msanga ngongole zazing'ono kuti akhulupiridwe pa yaikulu. Izi zonse anazitola pang'onopang'ono, ngati nkhuku yotola mapira, ndipo iye mwini sangathe kuziwerenga zonse ngati palibe wom'funsa.

Koma chachikulu koposa ndi nkhani ya ngongole zochedwa, pakuti mabungwe ambiri afera pamenepa osamva kupweteka. Buku likhoza kusonyeza kuti gulu lili ndi K2,000,000 kunja m'manja mwa okongola, ndipo onse akondwera poona nambala yaikulu. Koma ngati K400,000 ya ndalamayo inapyola tsiku lake kalekale, mwina wokongola anapita ku Joni, mwina anamwalira, ndiye kuti nambalayo inama, angakhale mlembi sananame. Bungwe logwirizanitsa mabungwe otere pa dziko lonse, World Council of Credit Unions, linaika muyeso wakuti ngongole zochedwa zisapyole K5 pa K100 iliyonse yobwereketsedwa. Ndi kuti pa ngongole yochedwa mwezi umodzi kufikira miyezi 12 gulu lipatule K35 pa K100 yodzitchinjirizira, ndipo yopyola miyezi 12 aiyese yotayika yonse. M'fanizo lathu lija zochedwa zafika K20 pa K100, ndiko kupyola muyeso kanayi. Gulu losadziwa ichi ligawana phindu limene kulibe, ndiko kunena kuti lidya mbewu yake likuyesa kuti likudya zokolola. Ndipo amene adziwa ndi mmodzi, amene agona nacho usiku, naopa kuchitchula.

Tsono sindilikunena za mbala. Mbala ilipo, monga inalipo ngakhale pakati pa khumi ndi awiri aja, ndipo mlandu wake ngwapafupi kuuweruza. Wovuta ndi munthu wokhulupirika, amene sanabepo tambala, wofika m'mamawa, wolemba bwino, wosadwala, amene m'zaka khumi sanaphunzitseko munthu ndi mmodzi yemwe. Tim'tama pa msonkhano uliwonse, ndi kunena kuti popanda bambo awa gulu lino silikadakhalapo. Ndipo sitimva kuti mawu amenewa, amene tiyesa chiyamiko, ndiwo chinenezo. Pakuti gulu limene silingakhale popanda munthu mmodzi silili gulu, lili sitolo ya munthuyo imene anthu ena anaikamo ndalama zao.

Achitiranji chotero? Ena achita ndi changu chabe, nati, ndikachita ndekha nditha msanga, kufotokozera anthu kutaya nthawi. Ndipo zoona atha msanga, kufikira tsiku limene sadzuka. Ena achita ndi kupeputsa anzao mumtima, poyesa kuti amayi a kumudzi sangamve za manambala, chikhalirecho amayi omwewo agulitsa tomato pamsika osasokoneza chenji. Koma ambiri, ndiyesa, achita ndi mantha amene iwo eni sawatchula dzina: mantha akuti ena akadziwa, ine ndidzakhala yani? Kudziwa wekha kukoma. Anthu akugwadira pakhomo, akutchula ulemu, sangakuchotse pa mpando. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo munthu akhoza kukwera pamkhate wa gulu osaba kanthu m'katimo, kungoti aliyense wofuna kum'sendeza aope kuswa mkhate. Kumeneko ndiko kudziunjikira mphamvu ndi chinthu cha eni ake, ndipo kukhulupirika pa ndalama sikufafaniza mlanduwu. Yetero anapeza Mose, munthu woongoka mtima, alikuweruza yekha milandu ya anthu kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo sanam'yamike; anam'langiza kuti aphunzitse anthu malamulo, nasankhe ena osenza naye.

Amene anayamba ntchito imeneyi kumaiko akutali anaona msanga kuti bungwe la osauka liima pa kudziwa kwa osaukawo. M'chaka cha 1844 anthu 28 a ku Rochdale, ku England, ambiri a iwo oomba nsalu, anatsegula kasitolo kao ka mgwirizano. Ndipo patapita zaka zochepa anaika lamulo lakuti 2.5 pa 100 ya phindu ipatulidwe kuphunzitsira mamembala, nakhala ndi chipinda cha mabuku ndi manyuzipepala. Anthu osowa, opatula ndalama ya mabuku! Ku Germany, Friedrich Wilhelm Raiffeisen anayamba ndi mabungwe a chifundo, monga la ku Flammersfeld la 1849, m'mene olemera anali kuthandiza alimi osauka. Koma anaona kuti chifundo cha olemera chitopa, ndipo mu 1864 ku Heddesdorf anasandutsa ntchitoyo kukhala bungwe la ngongole la okongola eni ake. Iye anafuna kuti bungwe lililonse likhale la dera laling'ono, monga la mpingo umodzi, kumene anthu adziwana minda ndi makhalidwe. Pakuti chikole chenicheni cha wosauka ndicho kudziwika kwake pakati pa anansi.

Nkhani ya ku Canada indikomera koposa. Alphonse Desjardins anakhazikitsa bungwe lake ku Lévis pa 6 Disembala 1900, ndipo ndalama yoyamba kusungitsidwa inali masenti 10. Koma iye anali wolemba zokambidwa m'nyumba ya malamulo ku Ottawa, ndipo anali kuchoka kwao miyezi yambiri pachaka. Akadakhala wobisa nzeru, bungwelo likadatsekedwa nthawi zonse pochoka iye. Koma mkazi wake Dorimène anadziwa ntchito yonse, nasunga mabuku, nalandira ndalama za anthu m'nyumba mwao; ndipo mwamunayo atamwalira mu 1920, atsogoleri a mabungwe anali kudzafunsa kwa mayiyo maganizo a malemu, pakuti anasunga makalata ake. Kumeneko ku Canada komweko, m'dera la Antigonish, ansembe awiri, Jimmy Tompkins ndi Moses Coady, anagwira ntchito pakati pa asodzi, alimi ndi okumba malasha, makamaka kuyambira 1928. Ndipo njira yao inali yakuti anthu ayambe akumana m'timagulu ta maphunziro m'nyumba zao, kuwerenga ndi kufunsana, ndipo bungwe la ndalama lidze pambuyo. Sukulu inatsogola, bokosi linatsata. Mbewu imeneyi inafika ku Jirapa, kumpoto kwa Ghana, mu 1955, ndi wansembe John McNulty. Kwathu kuno Mpingo wa Katolika unayambitsa mabungwe otere m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1980 anadzimanga pamodzi m'bungwe la MUSCCO. Ndipo pamene mabungwe a mgwirizano a dziko lonse analembanso mfundo zao zisanu ndi ziwiri ku Manchester mu 1995, yachisanu inali ya maphunziro ndi kudziwitsa mamembala. Ife tinalandira bokosi ndi manja awiri. Kaya sukulu ija tinaisiya panjira pati.

Koma wina adzati, kodi zonse ziululidwe? Apa tiyende mosamala, pakuti wofunsayo ali ndi mfundo. Msungichuma adziwanso zinthu zimene sizili za gulu. Adziwa kuti mayi uje anakongola chifukwa mwamuna wake anamwera ndalama ya fizi. Kuti mkulu uje, wolemekezeka mumpingo, alibe kanthu m'kabuku kake. Kuti mnyamata uje anatapa zonse kukalipira mlandu wa manyazi. Izi akazitulutsa pa chitsime kapena pa bawo, wachimwa kwakukulu, ndipo gulu lidzatha msanga kuposa likadabedwa, pakuti palibe munthu asungitsa ndalama kumene asungitsanso mbiri yake kwa amiseche. Chotero pali kudziwa kumene munthu achimwa pokubisa, ndipo pali kudziwa kumene achimwa pokuulula. Ndipo zonse ziwiri zikhala m'mutu umodzi, ndi m'buku limodzi.

Malire ake ndiwaona motere. Chilichonse chokhudza thumba la onse, ndi njira imene thumbalo liyendetsedwa nayo, ndi cha onse: zili zingati, zili kuti, zatuluka zingati, zachedwa zingati, ziwerengedwa bwanji. Chokhudza umphawi kapena manyazi a munthu mmodzi ndi cha iye mwini ndi komiti ya ngongole. Koma taonani m'mene mtima wa munthu utembenuzira malirewa! Wosakhulupirika atcha nkhani ya thumba la onse chinsinsi cha ofesi, ndipo wamiseche atcha manyazi a mnzake chilungamo cha poyera. Ndipo pali ngongole zina zimene, angakhale zili za munthu mmodzi, ziyenera kutchulidwa pamaso pa onse, ndizo za atsogoleri eni ake ndi abale ao. Wapampando wokongola asanene kuti ngongole yanga ndi chinsinsi changa; pakuti iye ali wokongola ndi wovomereza ngongole nthawi imodzi, ndipo munthu wokhala pa mipando iwiri yotere alibe mthunzi wobisalamo. Amene sakondwera nacho asiye mpando, nakongole mwakachetechete monga ena.

Pali mlandu wina wapakati umene uvuta ndithu. Munthu apempha mnzake kuti am'imire pa ngongole, kuti iye akalephera masheya a mnzakeyo agwidwe. Msungichuma adziwa kuti wopemphayo ali kale m'manja mwa akatapira, ndipo woimirayo sadziwa. Akakhala chete, waona mbale wake alikuponda pa mbuna. Akanena, waulula chimene anauzidwa mokhulupirira. Ine ndiyesa kuti asathamangire kwa woimirayo, ndiponso asakhale chete. Koma aitane wokongolayo payekha, namuuze kuti, mbale, mnzako alikuika chuma chake pa iwe, umuuze wekha za katapira uja, ndipo ukapanda kutero pepala ili silipita ku komiti. Potero chinsinsi chituluka pakamwa pa mwini wake, kapena ngongole iima. Sindinena kuti njira iyi ilibe minga. Wokongolayo akhoza kukwiya, nafalitsa kuti msungichuma ali ndi nkhanza, ndipo msungichuma sadzatha kudziyankhira popanda kuulula chomwecho chimene alikusunga. Adzasenza mbiri yoipa chifukwa cha kuchita bwino. Koma mpando umene anavomera uli ndi katundu wotere.

Tsono ndisaunjike mlandu wonse pa munthu mmodzi, pakuti kubisa nzeru ndi tchimo la awiri, wosanena ndi wosafunsa. Mamembala ambiri akonda umbuli wao, chifukwa upepuka. Afika pa msonkhano waukulu wa pachaka nthawi ya chakumwa ndi banzi itayandikira, namva lipoti ngati amva mvula padenga, nadzuka pa mawu amodzi okha, akuti phindu la chaka chino ndi lakuti. Zinthu zikaonongeka ndi omwewo ofika ndi zibonga pakhomo pa msungichuma. Koma iwe amene unaimika dzanja kuvomereza lipoti limene sunalimve, unachita umboni pa chinthu chimene sunachione, ndipo lamulo la Mulungu lili ndi dzina la umboni wotere. Ena safunsa chifukwa cha ulesi, koma ena chifukwa cha manyazi, poopa kuoneka osaphunzira. Ndipo awa akumbuke kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Komabe manyaziwo nthawi zina achita kubzalidwa. Lipoti lowerengedwa m'Chingerezi, mothamanga, pamaso pa anthu amene ndalama zao anazipeza m'Chichewa, lili ngati chitseko chojambulidwa pakhoma: maonekedwe alipo, polowera palibe. Ndipo mtsogoleri amene ayankha funso la mayi wokalamba moseka, kuti anthu aseke naye, watseka pakamwa pa anthu makumi asanu ndi kuseka kumodzi.

Ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa katekisma tidziwa kuti palibe chinthu chozama chimene munthu wosadziwa kulemba sangachigwire, ngati chigawidwa m'mafunso aafupi ndi kubwerezedwa sabata ndi sabata. Agogo amene sanagwirepo choko ayankha za Utatu Woyera osaphonya. Adzalephera bwanji kuyankha kuti m'thumba la gulu muli zingati, kunja kuli zingati, ndipo zochedwa ndi zingati? Msonkhano uliwonse usatsekedwe mafunso amenewa asanafunsidwe, ndipo woyankha asakhale wa komiti, koma aliyense amene chala chagwera. Poyamba adzaseka ndi kuphonya. Ikatha miyezi itatu adzayamba kufunsa okha chifukwa chake nambala ya lero yachepa kuposa ya mwezi watha, ndipo tsiku limenelo msungichuma wokhulupirika adzagona tulo tabwino, chifukwa katundu amene anasenza yekha wagwiridwa ndi ambiri.

Ena ayesa kuti makina atha vuto limeneli. Zoona, kompyuta siiwala, ndipo uthenga wa pafoni umene ufika kwa membala ndalama yake ikalowa uli mboni yabwino yoposa lisiti lotayika. Koma kompyuta imene nambala yake yachinsinsi aidziwa munthu mmodzi ili buku lomwe lija, longoonjezedwa loko. Ndipo gulu limene lilandira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba pa nambala ya foni ya msungichuma mwini, pamene palowanso ndalama za mbuzi zake ndi za mwana wake wa ku Joni, labwerera kumbuyo kuposa a bokosi la maloko atatu. Ena ayesa kuti boma litiyang'anira. Ndi zoona kuti kuyambira pa lamulo la 2011 ma SACCO ayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, monga ku Germany lamulo la 1889 linakakamiza mabungwe kuti mabuku ao aziwerengedwa ndi munthu wakunja. Ndipo tiyamika chimenechi. Koma woyang'anira aona manambala amene atumiziridwa, ndipo wowerengera mabuku abwera pa nyengo yake napita. Sadziwa kuti wokongola wa pa tsamba lakuti anaikidwa m'manda chaka chatha. Adziwa ndi amene anakumba mandawo, ndipo iwo ali pa msonkhano pomwepo, ngati wina awawerengera tsambalo.

Kwatsala munthu uja wa zaka khumi, ndi mantha ake akuti ndidzakhala yani. Gulu lisam'taye ngati chikuni chozima, pakuti likatero liphunzitsa wom'tsata kuti abise koposa. Malamulo a gulu aike malire a zaka za mpando, ndipo wolowa m'malo asankhidwe chaka chathunthu mpando usanasinthe, kuti akhale pambali pa mkuluyo kuyambira pa zokolola kufikira pa zokolola zina, naone ndi maso ake Disembala ndi Febuluwale. Chifukwa kupatsirana mabuku kwa tsiku limodzi, ndi kugwirana chanza pa chithunzi, kupereka mapepala okha. Pakhale ndi kabuku kena, kosati ka manambala, kolembamo zifukwa: chaka chakuti tinakana ngongole zopyola muyeso wakuti chifukwa cha chakuti, chaka chakuti tinayesa kugula chimanga kuti tigulitse, ndipo tinataya motere. Masamba a zotayika ndiwo a mtengo wapatali, ndipo ndiwo amene munthu safuna kulemba. Pakuti chovuta kupereka si njira ya kuwerengera chiwongoladzanja iai; chimenecho aphunzitsa mokondwa. Chovuta ndi kutsegula tsamba lija limene wakhala alikulitembenuza msanga zaka zinayi, ndi kuuza wachinyamata wokhala pambali pake kuti, ngongole iyi ndinaivomereza ndine, mwini wake sadzabweranso, ndipo ndalama imeneyi tiyenera kukaitchula pa msonkhano wa mwezi uno ndi kuichotsa pa phindu la onse.